Mbande za Kokonati ku Samar

Mlamu wanga Eusebio amadziwa zonse.
Amadziwa kumene analowera malata a thandizo,
amadziwa khansala amene anamanga nyumba yosanja
chaka chomwe ife tinkagona m'matenti.
Ndipo sanama.
Chondiwawa n'chimenecho, sanama.

Dzulo anandipeza kumunda,
kumene namondwe anathyola mitengo
ngati mayi wothyola ndiwo,
ndikukumba dzenje la mbande yachisanu ndi chinayi.
Anakhala pachitsa, nayatsa ndudu.
"Zaka zisanu ndi ziwiri kuti ibereke.
Iwe watsala ndi zingati, Leoncio?
Mphepo ija njira ya kuno ikuidziwa,
siifunsa munthu."

Ndinangoti kukamwa yasa.
Mawu akewo ndinawalawapo, amakoma:
munthu wosayembekeza kanthu
sagwiritsidwa fuwa lamoto,
sasekedwa pamsika.
Perpetua wanga atapita ndi madzi
ndinatha miyezi ndikulambalala tchalitchi
ngati khomo la munthu wondibera.

Sunandibweze ulaliki ayi.
Ndinkalondola nyundo yanga
imene abambo mfumu anabwereka osabweza.
Denga kunalibe, mabenchi ali mulu pakona,
koma mtanda unalipo,
mzere wa matope utadutsa pachifuwa cha Yesu,
mkono umodzi atamanga ndi nayiloni ya mbedza.
Kamtsikana ka kwa a Macaraeg
kankachotsa thope kuzala za mapazi ake
ndi mswachi wotha,
chala chimodzichimodzi,
osacheuka.

Ndinati, kani madzi aja
Inunso sanakusiyeni?
Nyundo ndinaiwala.

Sindikuti ndamvetsa.
Usiku mphepo ikagwedeza lona
ndimadzuka, mtima uli phaphapha,
pemphero limakanirira pakhosi ngati munga wa nsomba.
Masiku ena ndimakhulupirira ndi manja okha,
mutu umatsatira madzulo,
mwina osabwera n'komwe.

Eusebio amawerenga bwino masiku,
kungoti amathera pa Lachisanu,
pamanda otseka ndi mwala.
Ine ndimakhala pa Loweruka,
tsiku lopanda chozizwitsa,
ndi khasu m'manja,
khutu lili kum'mawa.

Kaya adzadya zipatsozi ndani.
Mwina kamtsikana ka mswachi kaja,
mwina mphepo.

"Tandigwirire iime chilili," ndinatero.
Anatsonya, nataya ndudu,
akudandaula za msana,
akuti dzenje ndakumba losaya,
akuti dothi lake lamchere,
koma anagwira,
ndi manja awiri,
mpaka nditamaliza kukwirira.