Buledi wa Maenje

Magetsi azima ku Chilomoni
mtanda wanga utangoyamba kufufuma.
Ndaufunditsa chitenje ngati mwana wa malungo,
ndauika pawindo polowera dzuwa la Okutobala,
ndipo ndikudikira.

Bambo anga ankati fokachiya safuna phuma.
Anaphunzira ku Namiwawa, kukhitchini kwa Mtaliyana
womanga misewu, wa dzina lopinda lilime.
Anamuphikira zaka khumi ndi zinayi
osakhalapo patebulo lomwe ankayala okha.
Usiku ankabwera ndi makoko a buledi m'thumba la jekete,
onunkhira mafuta achilendo ndi thukuta la m'minibasi,
ife n'kumalimbirana ngati anapiye pamadeya.

Ufa ndagula wapasikelo kumsika waukulu,
yisiti wa m'kapepala, mchere wamiyala.
Tchizi ndiye wandilasa.
Ndinaima m'shopu ku Chichiri
n'kuwerenga mtengo kawiri,
kenako ndinatola kachidutswa
konga sopo wotsala kubafa.
Mafuta a maolivi ndinangowapatsa moni pashelefu.
Ndatenga a mpendadzuwa, anzathu a masiku onse.

Rozimere ndathyola m'chitini cha penti kuseri kwa nyumba,
ndawonjeza mpungabwi womera wokha pampope,
womwe amayi ankapirikitsira udzudzu.
Mtaliyana uja akanaona akanagwira pakamwa.
Agwire. Kuno n'kwathu.

Mtanda wadzuka, wasefukira m'beseni.
Ndauyala m'thireyi, ndaviika zala m'mafuta,
ndayamba kudinda.
Mzere woyamba, wachiwiri,
maenje asanu ndi atatu, asanu ndi atatu enanso,
ndipo dzanja laima lokha m'malere.
Ili ndi bawo!
Loweruka masana, pansi pa mpeyala wa a Likaomba,
zala zomwezi, zofupika, chikhadabo china chosweka,
zikutakata mwakachetechete,
anzawo akutukwana mwayi.
Sindinadziwe kuti anandisiyira zala.
Ndinkaona ngati anangosiya ngongole ya pagolosale
ndi jekete lija.

M'dzenje lililonse ndaponyamo nkhomo yanga:
katsamba, kambewu ka adyo, kamwala ka mchere.
Tchizi ndapala mopyapyala kuti afike m'ngodya zonse,
koma sanafike.

Uvuni wangoti duu, wozizira ngati manda.
Ndakoleza mbaula,
makala pansi, makala pamwamba pa lata,
monga tichitira ndi chigumu.
Utsi walowa m'maso, ndapeza ponamizira misozi.

Mayi a Sungeni asuzumira pampanda wa bulandi:
"Aneba, chikondamoyo chanji chonunkha mankhwala a udzudzu?"
Ndati dikirani mulawe.
Ati ali ndi shuga, safuna zotsekemera.
Ndati mulibe shuga umu.
"Nanga buledi wopanda shuga n'kudzizunziranji?"
Koma sanachoke pampandapo.

Ndavundukula lata.
Pamwamba pafiira ngati dothi la ku Michiru mvula itakata,
mafuta akubwatabe m'maenje,
tchizi wachita zilumba.
Kunsi kwapserera mbali imodzi,
mbali yomwe ndinaiwala kutembenuza
poganiza za bawo.

Ndayala nsalu patebulo,
ija timasungira alendo a kumpingo.
Mwana wanga Dalirani wafunsa kuti kukubwera ndani.
Ndati khala pansi, sukusula m'manja kaye.
Wang'amba ngodya, wapsa zala, wapemerera,
watafuna nthawi yaitali ngati woweruza mlandu,
n'kufunsa ngati majarini alipo.

Mayi a Sungeni adya zidutswa ziwiri ataimirira,
chachitatu akulunga m'nyuzipepala, ati n'cha abambo akunyumba.
Chopserera chija ndadya ndine.
Chikuwawa pang'ono kukhosi,
kukoma kwa makoko a m'thumba la jekete.

Kunja ana akuwa kuti ayakaaa!
Firiji yatsokomola, wailesi yayamba pakati pa uthenga wa maliro.
Pampando wa kumutu kwa tebulo palibe munthu.
Ndasunthirako thireyi pang'ono,
kenako ndayamba kutola nyenyeswa ndi chala chonyowa.