Khutu Lakumanzere

Khutu langa lakumanzere linafera kuno ku Rosario,
m'galaja ya bambo ake a Osvaldo,
chaka chomwe tinakhoma makatoni a mazira m'zipupa
kuti aneba asatiitanire apolisi.
Anawaitanabe.
Tsitsi linali lofika m'mapewa, timitengo tiwiri m'manja,
ndipo ng'oma ndinkazimenya ngati zili nane ngongole.

Tinali anayi.
Roki yathu inali yaiwisi, yolusa, yosapesa,
koma Loweruka lililonse pabala ya kudoko
anyamata osenza matumba a tirigu
ankaiimba nafe mpaka mawu kusasa,
mtsinje wa Paraná ukudutsa kuseri, osatilabadira.

Celina anabadwa Lachinayi, mvula ili pakati,
usiku womwe tinkayembekezeka ku Santa Fe.
Sindinapite.
Anzanga anapeza woimba ng'oma wina,
wondiposa, lero ndivomere.
Ng'oma ndinagulitsa imodziimodzi:
yaikulu ija inasanduka kabedi ka khanda,
zitsulo zosokosera zija zinagula mankhwala a chifuwa.
Ndinatsala ndi timitengo tokha,
kamodzi Graciela amatakasira penti.

Mwana akalira pakati pa usiku
ndinkamugoneka pachifuwa panga,
zala zikugogoda pamsana pake mwakachetechete,
gu, gu-gu, gu,
kamenyedwe komwe tinkagwedezera malata
katasanduka kogonetsera mwana.

Masiku ano ndimakonza mafiriji.
Khutu limodzi limakwana kumva injini yodwala.

Iye wakula, wandipitirira paphewa.
Amakonda popu, nyimbo zonyezimira ngati pepala la siwiti,
ng'oma zake zimatuluka m'kompyuta,
zosaphonya, zosatuluka thukuta.
Tsiku lina ndinamuuza kuti imeneyo si nyimbo,
ndi shuga wosungunula m'madzi.
Chitseko chinati phwaa!
Ndili chiimire pamenepo ndinazindikira mawuwo:
anali a malemu bambo anga,
aja ankati roki ndi mapoto ogubuduzika pamasitepe.
Anatulukira m'kamwa mwanga osaodira n'komwe.

Sabata zitatu tinkangopatsirana mchere patebulo.

Kenaka ndinapeza kapepala pansi pa maginito a firiji yathu:
Lachisanu, holo ya mu msewu wa Mendoza, 9 koloko.
M'munsi analemba ndi cholembera chofiira,
Osabwera.
Ndiye analimatiranji pomwe ndimayang'ana m'mawa uliwonse?

Ndinaima kumbuyo, pafupi ndi khomo,
mutu wa imvi umodzi pakati pa ana onyamula mafoni m'mwamba,
pambali panga firiji ya zakumwa ikubuula,
fani yake yatsala miyezi iwiri, ndinaimva.
Magetsi ofiirira anayaka.
Anatulukira atavala jekete yanga yachikopa,
yomwe ndinkaganiza kuti njenjete zinamaliza kalekale,
manja ake atawapinda kawiri.
Nyimbo yoyamba mawu ananjenjemera.
Yachiwiri anaiwala mzere, naseka, anzake n'kumuimbira.
Pa yachitatu anagogoda kompyuta ija ndi chala,
masipika n'kuyamba,
gu, gu-gu, gu.

Sindinaimve ndi khutu.
Inalowera m'nthiti, pomwe ankatsamiritsa mutu.
Ana mazana awiri ankadumpha
pa kugunda komwe ndinkatonthozera chimfine ndi mano omera,
ndipo zala zanga, zopanda manyazi,
zinali zitayamba kale pachitseko cha firiji ya eni.

Kodi akudziwa komwe anakutola?
Kapena msana umasunga zomwe mutu unataya?
Sindinafunse.

Pobwerera tinakwera basi yomaliza.
Anakhala kumanzere kwanga, akununkha thukuta ndi utoto wa tsitsi,
nanena kanthu akuyang'ana pawindo.
Ndinangoona milomo ikuyenda m'galasi.
Ndinagwedeza mutu monga ndimachitira kwa aliyense.
Anandiyang'ana, napumira m'mwamba ngati mayi ake,
n'kuimirira basi ikuyenda,
kundiponda phazi, kudzakhala kumanja.
Papá, anatero,
timitengo tija tikadalipo?
Ndinati kamodzi kali ndi penti wobiriwira.
Iye anati palibe kanthu.