Belu la Kapitawo

Tinakutenga ku Mpondabwino m'katoni ya sopo,
ukulira njira yonse pa kabaza,
ndipo ntchito yako tinakuuzira pachipata pomwe:
makoswe, Kapitawo, makoswe basi,
aja ankaboola matumba a chimanga
n'kutafuna mapepala a penshoni a malemu.

Mwezi usanathe, kudenga kunati zii.
Ndinakuyamika. Ndinakupatsa mutu wa mlamba.

Kenaka unayamba ntchito imene sindinakutume.
Buluzi woduka mchira pamphasa.
Swiswiri, amene sumudya n'komwe,
umangomuyala pakhomo ngati kalata ya ku khonsolo.
Lachiwiri lina anali gulo,
uja ankagwedeza mutu pampanda
ngati akuvomera ulaliki wa pa msika.
Ndinasesa. Sindinanene kanthu.

Koma Loweruka lija unabweretsa pumbwa.

Iwe sukudziwa, unali usanabadwe.
Mwamuna wanga ankathira madzi m'chivundikiro cha poto
pansi pa mpeyala, m'mawa uliwonse,
asanakwere njinga kupita ku ofesi ya za nkhalango,
ndipo apumbwa ankabwera awiriawiri
kudzasamba mwaphokoso ngati ana a ku Likangala.
Atamwalira ndinapitiriza.
Si kuti ndimakonda mbalame,
koma dzanja likazolowera silifunsa mutu.
Ndiye kuti zaka zonsezi
wokuikira nyambo ndinali ine.

Abiti Jafali anasuzumira pampanda,
anaseka mpaka kugwira chitenje:
"Mwayi wanu anzathu! Wanga amangogona pampando
kudikira bonya wogula ndi ndalama.
Wanu akudzisakira yekha ndiwo, inu n'kumalira?"
Tsogolani, pa foni kuchokera ku Lilongwe,
akuti mum'mange belu pakhosi,
muzimutsekera m'nyumba dzuwa likapendeka,
akuti mbalame za m'phiri zikutha, amayi,
mitengo inapita kale.
Ndinamuyankha kuti mitengoyo sanadule ndi mphaka,
mphaka saotcha makala.
Anakhala chete mpaka mayunitsi anatha.

Belu ndinalipeza m'bokosi la zokongoletsera Khirisimasi.
Masiku awiri unayenda ukulira ngwerengwere
ngati ng'ombe ya pangolo,
manyazi ali tho m'maso.
Tsiku lachitatu unaphunzira kuponda osaliliza.
Ndinakuona ndi maso angawa,
mimba pansi, khosi chilili,
ukudutsa m'mizere ya mpiru ngati mthunzi wa mtambo.
Mwina ndinangokuphunzitsa ukatswiri.

Ndinatola tsache kuti ndikukwapule,
dzanja linaima m'malere.
Ndinakumbuka minibasi itaima pa Thondwe,
ine ndikutulutsa ndalama pawindo
kugula mpheta zokazinga, zisanu pakamtengo,
ndikuzitafuna ndi mafupa omwe,
mchere ndikunyambita m'zala.
Palibe anandimanga belu.

Pumbwa uja ndinamukwirira ndi khasu la m'dimba.
Anali wopepuka kuposa bokosi la machesi,
pansi pa mchira pali kachikasu
kamene sindinakaonepo ali wamoyo,
poti wamoyo sankalola kuyandikira.

Chivundikiro ndachikoleka tsopano pawaya woyanikapo zovala,
chikulendewera pa zingwe zitatu,
madzi amatayika mphepo ikawomba,
nthawi zina amanyowetsa malaya a tchalitchi.
Uzichiyang'ana uli pansi.

Madzulo ano nkhungu yatsika kuchokera ku Chawe,
yameza mapaini otsala, yameza nsanja ya foni.
Wadzipinda pamiyendo panga,
ukuliza injini yako ya pakhosi,
wofunda, wopanda mlandu ngati khanda lobatizidwa kumene.
Pa ndevu zako pakakamira kanthenga.
Ndakachotsa, ndakasunga m'buku la nyimbo,
sindikudziwa chifukwa chake.

Mumpeyala mnzake uja akuitanabe.
Waitana kanayi.
Khutu lako limodzi latembenuka,
maso osatsegula.