Khoma la pa Masitepe a ku Valparaíso

Moto utazima paphiri paja,
a khonsolo anandipatsa khoma ndi zitini zisanu za penti.
Anati, Eulogia, jambulapo choti anthu aziona akamakwera.
Sananene kuti chiyani.

Ndinajambula zomwe maso anga anasunga usiku uja:
utsi wolemera ngati bulangete lonyowa,
malata opiringizika,
mayi atanyamula makina osokera paphewa, alibe nsapato,
ndi galu wa a Nibaldo
pomwe anagona komaliza.

Alendo otsika m'sitima zapamadzi anachikonda.
Ankaima, n'kutukula mafoni,
wina anati, "Chikugwira mtima,"
basi n'kutsetsereka kukadya nsomba kudoko.
Ine mapewa anakwera.

Lachinayi a Nibaldo anandipeza pamakwerero,
buledi ali m'khwapa, akupumira m'mwamba.
"Mwana iwe, masitepewa alipo zana ndi makumi anayi.
Ndimawakwera kawiri patsiku.
Alendo akowo amamuona kamodzi galu wanga, n'kubwerera kwawo.
Ine ndikumukwirira m'mawa uliwonse."

Ndinawayankha za kusukulu:
luso si mankhwala ogonetsa tulo,
choonadi sichipempha chilolezo.
Anangondiyang'ana
ngati mpopi womwe ukudontha usiku.

Madzulo kunabwera Fresia, mwini makina uja.
"Usafufute kanthu.
Ukachotsa utsi, mawa adzati kuno sikunapse.
Koma chitseko changa chinali chabuluu, iwe wapaka chobiriwira.
Ndipo makinawo sanali paphewa.
Ndinawakumbatira pachifuwa, ngati mwana."

Usiku tulo tinandithawa.
Chithunzi chopachika m'nyumba yoonetseramo
munthu amachipitira dala, tikiti m'manja,
chikamulemera amatuluka.
Khoma siligogoda.
Limakupeza utasenza chitini cha gasi,
uli ndi ngongole, dzino likuwawa,
tsiku lomwe unati lero sindikumbuka kanthu.
Nanga ine ndine wantchito wa ndani,
wa zomwe zinachitika
kapena wa anthu omwe zinawachitikira?

Kutacha ndinasakaniza buluu katatu
mpaka Fresia, ali pawindo la mlongo wake, anagwedeza mutu.
Makina ndinawatsitsira pachifuwa.
Utsi ndinausiya wonse,
sindinachotsepo ngakhale kachidutswa.

Pa galu ndiye ndinaima nthawi yaitali,
penti mpaka kuuma paburashi.
Sindinamufufute.
Ndinamudzutsa.
Ndinamuimika pa sitepe yachisanu, khutu limodzi lili njo,
monga ankachitira ogulitsa gasi akamagogoda zitini kumunsi.
Mwina ndi bodza.
Koma tsiku limenelo nalonso linaliko,
ndipo linabwerezeka zaka khumi ndi chimodzi,
pomwe moto unali wa usiku umodzi.

Masiku ano mafoni satukulidwa kwambiri.
Mnzanga wa kusukulu ya zojambula anati ndafewa,
ndagulitsa mano anga kwa nkhalamba.
Sindinamutsutse. Iye sakwera masitepewa.

A Nibaldo sananene zikomo.
Amadutsa nkhope ili kunyanja, ngati khomalo kulibe.
Koma dzulo, mphepo ya kudoko itagwedeza makwerero,
ndinamva kuti pansi pagwira munthu.
Buledi anali pa sitepe, m'pepala lake.
Osatukula mutu, anati:
"Khutulo ndi lakumanzere."