Fosholo Yobwereka

Ndinatsika minibasi pa Lirangwe dzuwa lili paliwombo,
wakabaza n'kundibereka kulowera kuzambwe
kumene fumbi limafika m'mano moni asanatuluke.
Ndinanyamula sefa wa waya wapawindo,
fosholo ya a Nampinga oyandikana nawo nyumba,
ndi kalata yondichotsa ntchito ku Makata
imene mpaka lero sindidziwa ndinaitengeranji.

Malowo anthu angowatcha Pamaenje.
Zisakasa za mapepala akuda, maokala atatu,
wometa tsitsi ndi makina a batire,
ndi mbuzi yodziwa kuponda m'mphepete mwa dzenje
kuposa ine.

Kutchalitchi ndinkamva akuti safiro.
Kuno akuti safaya,
ndipo amatchula motsitsa mawu
ngati dzina la munthu amene uli naye ngongole.

Che Likaka anandilandira m'dzenje lawo.
Tidzagawana pakati, anatero,
akuloza ndi dzanja loperewera chala chimodzi.
Usamayang'ane mwala, uziyang'ana kuwala.
Uliwonse ukanyowa umadzitama,
koma weniweni ngakhale uume sugona.

Masiku asanu ndi anayi:
kukumba, kusenza, kutsuka,
kugwedeza sefa mpaka msana kuiwala kuwongoka.
Madzi otsukira tinkagula kwa Abiti Saizi,
ndowa imodzi mazana asanu.
Iwowo sanapondemo m'dzenje,
koma pamalo ponsepo
nyumba yofolera malata inali yawo yokha.

Tsiku lakhumi, nthawi ya kumwa tiyi,
Che Likaka atapita kuseri kwa chulu,
kanatulukira pakati pa nsangalabwi,
kakang'ono ngati njere ya nandolo,
kabuluu ngati thambo la mwezi wa Juni
chiperoni chikangotha kumene.

Dzanja silinandifunse.
Ndinangozindikira kali pansi pa lilime.

Madzulo amenewo anandigawira usipa wawo,
ine osayankhula, ati dzino likundiwawa.
Anandipatsa mchere woti ndichukuche.
Tambala woyamba anandipeza ndili panjira,
sefa ndi fosholo ndazisiya.

Ku Limbe, pamwamba pa sitolo ya matayala,
masitepe onunkha girisi,
wogula miyala anaika kagalasi padiso,
n'kuyang'ana nthawi yosakwana kumeza malovu.
Mwachokera kwa Likaka?
Anatsegula dirowa, natulutsa kachitini ka mafuta odzola.
Munali abale ake asanu ndi mmodzi,
onse abuluu, onse a mimba imodzi:
botolo la mankhwala a m'mimba
loswedwa ndi kupalidwa pamwala.
Mkulu ujatu amaponya kamodzi m'sefa wa mlendo aliyense.
Wobweza ndiye amamuonetsa dzenje lenileni.
Sanaseke.
Akanaseka bwenzi zili bwinoko.

Ndinatsika masitepe mmodzimmodzi.
Panja makondakitala akukuwa Bangwe, Bangwe, mmodzi tinyamuke,
amayi akuwaza madzi pa tomato kuti awale,
mzinda wonse uli pa ntchito yake yonyowetsa miyala.
Pansi pa lilime panali kabala
kamene kanandikumbutsa masabata awiri
nthawi iliyonse ndikalawa zamchere.

Kagalasiko ndinabwera nako.
Kali pawindo, pafupi ndi kalata ya ku Makata.
M'mawa dzuwa likatulukira kuseri kwa phiri
kamaponya kadontho kabuluu pakhoma,
mwana wanga Tayamika n'kumakathamangitsa ndi chala.
Akuti ndi kokongola.
Sakunama.

A Nampinga afunsa kachitatu za fosholo yawo.
Mvula yayandikira, akufuna kukonza ngalande.
Ndikudziwa pamene yatsamira:
pakhomo pa chisakasa, pambali pa ndowa yobooka,
Che Likaka ataipukuta bwinobwino.
Ndalama ya minibasi ndili nayo,
ya kabaza ndikhoza kukongola.
Chimene ndikusefabe usiku uliwonse,
kugwedeza, kutsuka, kugwedezanso,
ndi nkhope yoti ndikafike nayo.