Ndisanatumize

Pa Kulima Tower basi ikuchedwa kudzaza,
kondakitala akuitanabe a ku Chilenje,
ine maso ali pa foni.
A Njobvu alemba pa Fesibuku:
"Telala wa ku Kamwala uja ndi mbava,
diresi la mwana wanga lathina m'khwapa."
Anthu makumi anayi aseka kale.

Ndalemba yankho lotentha ngati simbi yamakala:
za ngongole yawo ya Disembala,
za amuna awo,
zonse zimene makina anga anamva
iwo akuyesa zovala.
Chala chaima pamwamba pa batani.

Msoko wokhota ndimaumasula ndi lumo,
nsalu n'kuiwala.
Koma awa wina awajambula,
afika ku Matero ine ndisanatsike,
mawa mwana wanga awamva kusukulu.

Ndafufuta, chilembo ndi chilembo.
"Pepani, mayi. Libweretseni Lolemba,
ndidzalikulitsa kwaulere."

Basi yanyamuka, mkwiyo udakali pakhosi.
Tikudutsa pa Kabwata foni yanjenjemera,
nambala yachilendo:
"Kodi mumasokanso za ukwati?"

A Njobvu awerenga.
Sanayankhe.