Ngodya za tebulo la bambo

Mvula ya ku Valdivia sitsanzika.
Sabata yachitatu ino ikugogoda malata
a shopu ya Orfelina Huenchual,
ine ndaima ndi rauta m'manja,
thabwa la rauli lagona patsogolo panga.

Maso a bambo anga adalowa nkhungu chaka chatha.
Ngodya ya tebulo imawabisalira usiku uliwonse,
ntchafu yawo yadzala mikwingwirima
yomwe iwo sauza munthu.
Ndabwera kudzabulungiza ngodya zinayi basi.

Orfelina salankhula zambiri.
Wazula pulagi pakhoma asanakhudze dzino la makina,
walimanga ndi sipanala, walimanganso.
Chala chake chamkombaphala n'chachifupi kuposa chinzake.
Sindinafunse. Wandiona ndikuyang'ana,
wati: "Chikwi chimodzi cha matabwa chidadutsa bwino.
Ili lidali la madzulo, ndili ndi phuma."

Zopanira ziwiri, thabwa lagwira nji.
Pinda mikono ya juzi, Leonel.
Magalasi. Zotseka m'makutu.
Chingwe chiponye paphewa, chisakukole.

Ndasindikiza batani, chinthu chalira,
kunjenjemera kwake kwakwera mpaka m'nsagwada.
Ndayamba kumanja kupita kumanzere
chifukwa kumeneko kumaoneka kofewa,
ndipo rauta yandithawa,
yakwera thabwa ngati mbuzi yadula chingwe,
yasiya bala lakuya ngati chikhadabo.
Mtima uli m'kamwa.

Orfelina sanakalipe.
Wadikira dzino liime, zii,
kenako ndi pensulo wajambula muvi pathabwa,
kumanzere kupita kumanja.
"Pita motsutsana ndi kuzungulira kwake.
Akamakukana, ndiye kuti uli naye.
Akamakukoka mokoma, wakutenga ndi iye."

Ndayambanso, kumutu kwa thabwa kaye
komwe mtengo umakonda kuthetheka,
manja onse awiri pa zogwirira,
kulemera kwanga kumbali ya thabwa, osati kuphompho.
Kamodzi, kusenda pang'ono chabe.
Kawiri, kutsitsa dzino pang'ononso.
Ndikazengereza mtengo ukupsa, ukununkha, ukuda,
ndikathamanga ukutafunika.
Pakati pake pali liwiro lina lopanda dzina
limene miyendo imalidziwa mutu usanalimve.

Utuchi wofiirira wandikwirira nsapato.
Ndazimitsa. Ndikuwerenga mumtima
mpaka phokoso litafa lonse,
ndiye n'kuika makina pansi.

Bala lija silinachoke lonse.
Latsala kadzenje m'mphepete, kokwana nsonga ya chala.

Madzulo bambo ayendetsa chikhatho chawo
kuzungulira tebulo lonse, osafulumira,
ngodya yoyamba, yachiwiri,
afika pa kadzenje, aima.
"Apa ndi pati?"
Ndati ndi pomwe ndinalakwitsa.
Ati usapakonze,
ndizidziwira pamenepa kuti mpando wanga uli pafupi.

Kunja mvula ikadagwa.
M'makutu mwanga rauta ikadalira chapansipansi,
ndawerenga zala zanga pansi pa tebulo
ngati mwana wa sukulu,
zakwana.